Timadontho Titatu pa Foni ya Esinala

Inu mumaseka timafoni ta mabatani, mumati n'ta agogo. Sekani, koma sendererani kuno kaye ndikuuzeni za Esinala wa kutsidya kwa Namilongo, pakuti iye anali nako kamodzi, ndipo amene anaona zomwe zinachitika chaka chija mpaka lero sakonda kuwoloka mtsinje umenewo ali okha.

Esinala ankakhala yekha m'nyumba ya njerwa zosawotcha, pamtunda poyang'anana ndi doko, paja anthu amawolokera popita kumsika. Mwana wake mmodzi yekhayo, Malita, anali atakwatiwa ku Limbe, ndipo ankaimba foni mwa apo ndi apo. Mwamuna wa Esinala, Fakisoni, anapita ku Joni Malitayo atangoyamba kumene sukulu. Zaka zoyambirira ankaimba foni, ankatumiza mabulangete ndi mapoto kudzera mwa anzake obwera kumudzi. Kenako kunangoti zii. Nambala yake inasiya kulowa, ndipo obwera kuchokera kumeneko ankangopukusa mitu.

Anthu a m'mudzi, mukuwadziwa, sasowa chonena. Anati watchona ameneyo, wapeza mkazi wovala thalauzi. Esinala sankawayankha, koma mumtima anakhulupirira, ndipo chimene chinkamudya si njala kapena denga lodontha ayi, koma kuiwalidwa. Ankamutukwana Fakisoni polima, pomanga mbuzi, pokwera padenga kukatseka pothonya. Mawu onse oti adzamuuze tsiku lobwera anawasunga bwinobwino, ndipo chaka chilichonse ankawonjezerapo ena.

Tsiku lina kunabwera alamu ake, a Makhuwira, akulu ake a Fakisoni. Anakhala pakhonde chipewa chili pabondo, nayamba kuzungulira monga amachitira akuluakulu akanyamula nkhani yolemera. Anati afufuza kulikonse, m'zipatala, m'ndende, kwa anyamata onse a kuno amene ali ku Joni, ndipo palibe anamuonapo. Tsono akubanja agwirizana kuti achite za makolo: aike thunthu la nthochi m'manda m'malo mwa mtembo, anthu amete, Esinalayo amusudzule akhale mfulu. Chotsala chinali mawu ake basi.

"Mutiyankhe chimanga chisanache, alamu," anatero a Makhuwira.

Esinala anangoti wamva. Koma mumtima anakana kwamtuwagalu. Akavomera, ndiye kuti watseka chitseko ndi manja ake, ndipo munthuyo akadzatulukira adzapeza manda ake atamera kale udzu. Chinanso, kunena zoona, thunthu la nthochi silimva kutukwana, pomwe iye ankafuna munthu wa makutu.

Chaka chimenecho kunagwa ng'amba pakati pa dzinja. Januwale anafika kumwamba kuli mbee, chimanga chikupota masamba dzuwa lisanafike n'komwe pamutu. Namilongo, mtsinje umene chaka cha madzi osefukira chija unatenga nyumba, ng'ombe ndi anthu omwe, unasanduka msewu wa mchenga. Amayi ankachita kukumba timaenje kuti apeze madzi omwa.

Masana ena dzuwa likuswa mtengo, anafika pakhomo paja a Lifeyo, bambo wa kabaza, akukankha njinga yawo m'malo moipalasa. Iwowa anali mkamwini wobwera posachedwapa, ndiye sankadziwa anthu akale a kuno. Anakana mpando, anakananso madzi. Anatulutsa m'thumba la malaya kanthu kokulungidwa m'pepala la shuga, nati awapatsa ndi bambo wina amene anaima pakhonde la sitolo ya a Khoromana, kutsidya, ndipo wati akapereke kwa mayi a Malita.

Esinala anafunsa kuti bambo wake wotani. A Lifeyo anakanda m'mutu. Anati anali ndi chikwama chachikulu cha mizeremizere, chija amabwera nacho a ku Joni, koma nkhope sanaione bwino, chifukwa nthawi yonse munthuyo ankayang'ana kumtsinje. Chimene chinawadabwitsa n'chakuti munthuyo anawafunsa ngati a Khoromana atuluka, poti iye wangogula kumene shuga kwa iwo. Sitolo ija ilibe ngakhale denga, ndipo mwana aliyense amadziwa kuti a Khoromana anapita ndi madzi usiku wa chigumula. A Lifeyo atanena zimenezi anayang'ana pachifuwa pawo. Thumba la malaya linali litanyowa, madzi akuyenderera mpaka pamimba. Anatsazika mofulumira, ndipo sanadzerenso njira ya kudoko.

M'pepala muja munali kamemore khadi, kaja timaikamo nyimbo, kozizira ngati katuluka m'mtsuko. Esinala anakapukuta ndi chitenje, nakalowetsa m'kafoni kake. Analowa mmene mumakhala mafayilo, momwe ankapezamo nyimbo za kwaya, napeza fayilo imodzi yokha ya mawu. Pansi pake panalembedwa tsiku limene inajambulidwa: 10/01/20, kenako timadontho titatu.

Apa mumvetse bwino. Galasi la kafoni kaja n'laling'ono ngati bokosi la machesi, ndipo chilichonse chosakwana pamzere kamangochidula, n'kuika timadontho kusonyeza kuti zina zatsala. Mayina a nyimbo kankawadula momwemo, ndiye Esinala anali atazolowera. Anaona tsiku, anaona mwezi. Tsikulo linalidi la 10 Januwale. Nanga munthu angafunsenso chaka, ngati kuti sakudziwa chaka chimene ali?

Anadina. Kunamveka injini ya basi, anthu akulankhula zinenero za eni, kenako chifuwa. Chifuwa chimenecho akanachidziwa ngakhale pakati pa msika.

"Mayi a Malita, ndine. Mayunitsi ndilibe, ndiye ndangoti ndizijambula mawu, mudzamvera ndikafika. Mukundidziwa, pamaso panu ndidzasowa chonena. Ndanyamuka lero. Sindinauze munthu aliyense, ndikufuna mudzangoona ndatulukira."

Esinala anakhala pansi pomwepo pafumbi. Anamveranso. Anamveranso kachitatu, foni ataikanikiza kukhutu mpaka khutu linatentha. Anafunafuna mawu aja anawasunga zaka zonsezi kuti awakonzeretu, koma sanapeze ngakhale limodzi. Analira, ndipo panalibe womuona kupatula mbuzi.

Mwina mukufunsa kuti mawu ojambulidwa ku Joni tsiku lomwelo akanafika bwanji kuno pa njinga ya kabaza. Esinala nayenso funsolo linamudutsa m'mutu, koma analithamangitsa. Anati bambo wa pasitolo uja ndi mnzake wa Fakisoni amene anatsogola, ndipo za mafoni za masiku ano ndani angazimvetse? Munthu akafuna kukhulupirira safunsa zambiri.

M'mawa mwake, asanasese n'komwe, anatsegula foni kuti amvenso, napeza mafayilo ali awiri. Yatsopanoyo inali ndi tsiku la m'mawa womwewo, ndi timadontho take kumapeto. Fakisoni anali pa chipata cholowera ku Zimbabwe, akudandaula za mzere wautali ndi miyendo yotupa. Anati wagula nsalu ziwiri ndi wailesi, ndipo Malita wamugulira nsapato zofiira zokhala ndi kaduwa pamwamba, zoti azikavala ku sukulu ya Sande. Esinala anaseka yekha mpaka misozi. Amuna! Akuyesa mwana akadali pomwe anamusiya, pamene mwanayo ali pa banja lake. Pomaliza Fakisoni anati mvula yawapeza m'njira, yamphamvu, ndipo akuganiza kuti kumudzi chimanga chili bwino. Esinala anasuzumira panja, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe.

Batire inatha tsiku lomwelo, chifukwa chomvera mobwerezabwereza. Kwawoko kunalibe magetsi, ndiye anawoloka kupita kumsika kwa a Dolofina, mayi amene ankatchaja mafoni ndi kuika nyimbo m'makadi pa kompyuta yawo yakale. A Dolofina anali munthu wa nthabwala, ndipo ataona Esinala atadzola mafuta tsiku wamba anamufunsa ngati wapeza chibwenzi. Esinala analephera kubisa. Anati bambo a Malita ali m'njira, ndipo mawu awo akumafika m'khadi m'mawa uliwonse.

A Dolofina anasiya kuseka. Anati khadi si foni, sililandira kanthu palokha, muli zokhazo zimene munthu anaikamo ndi manja. Anapempha kuti alilowetse pa kompyuta aone bwino, mwinanso akopere mawuwo kuopa kuti lingafe. Esinala anakana. Mawu aja anali ake, oyamba pa zaka zonsezi, ndipo sankafuna kuti amveke pa sipika ya pamsika anthu ogula tomato akumvera. Anachotsa khadi, nalimanga pa nsonga ya chitenje, n'kusiya foni yokha pa moto. Akulu anati ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri, koma Esinala anali atakhala yekha nthawi yaitali moti anaiwala kufunsa.

Foni itadzaza anaitenga. Pobwerera, ali pakatikati pa mchenga wa Namilongo, anamva mkokomo kumtunda. Aliyense wokulira kuno amaudziwa mkokomo umenewo, wa madzi obwera ndi mitengo ndi miyala. Anataya nkhuni zimene anatola, nathamanga mpaka pagombe. Atacheuka, mtsinje unali gwaa monga kale, ana awiri akukumba kaenje kawo osatekeseka. Anawafunsa ngati amva kanthu, iwo anangomuyang'ana. Atafika kunyumba anapeza chitenje chake chanyowa mpaka m'maondo.

Zinthu zing'onozing'ono zinayamba kuchuluka. Mbuzi zake, zimene masiku onse zinkathamangira kudoko zikangomasulidwa, zinayamba kuima pamtunda n'kumangoyang'ana kutsidya, makutu ali njo. Galu wa kwa aneba ankafika pagombe n'kubwerera mchira uli pakati pa miyendo. Amayi otunga madzi anayamba kunena za mapazi a nsapato kutsidya lija: ankatsika kuchokera kusitolo ya a Khoromana, n'kufika pomwe mchenga ukuyambira, n'kubwerera, n'kutsikanso, malo omwewo mpaka kupanga kanjira. Pamchenga penipeni panalibe phazi ngakhale limodzi. Amayiwo anayamba kutunga madzi ali m'magulu, ndipo ankabwerera dzuwa likadali pamwamba.

Esinala zonsezi ankaziona, koma maso ake anali kwina. Anazira nyumba, anachapa mabulangete aja, anasesa bwalo mpaka kuseri kwa khola. Anatulutsa mpando wa Fakisoni umene unakhala zaka uli kuchipinda utasenza matumba, naupukuta. Anatumanso uthenga kwa a Makhuwira kuti nthochi yawo aisiye ibereke.

A Makhuwira anabwera okha kudzamva. Tsikulo panali patafika fayilo yachitatu. Esinala anasankha pamene panalibe zachinsinsi, nawaikira foni pafupi ndi khutu. Fakisoni anali atadutsa ku Tete, akulowa ku Mwanza. Mvula inkamveka ikumenya denga la basi mwakuti mawu ena ankamira. Anati anthu m'basimo akunena kuti milatho ina yaduka, koma iye sakuopa, wayenda mtunda wautali kale. Anatinso apongozi ake, mayi a Esinala, wawagulira shawelo.

A Makhuwira anavula chipewa pang'onopang'ono. Apongozi akunenedwawo anali atagona kumanda zaka zingapo. Esinala anafulumira kunena kuti nanga akanadziwa bwanji, munthu anali kutali. Bambowo sanatsutse. Anayang'ana chimanga chofota cha m'mbali mwa bwalo.

"Mawu ndi ake, sindikukana," anatero potsiriza. "Koma alamu, ine mawu anga anakalamba. Anunso anakalamba. Akewa bwanji akumveka ngati anachoka dzulo?"

Anamupempha kuti akagone kwa achemwali ake masiku amenewa, asakhale yekha. Esinala anati wakhala yekha zaka zonsezi popanda womudera nkhawa, ndiye asayambe lero pamene mwini nyumba ali pakhomo. A Makhuwira ananyamuka dzuwa likadalipo, ndipo ngakhale kwawo kunali kungowoloka doko, anazungulira ulendo wautali kukadzera pa mlatho wa kumsewu.

Tsiku lotsatira Esinala anadzuka kusanayere, nayang'ana foni. Munalibe chatsopano. Anaphika, anasamba, anavala chitenje chake cha ku tchalitchi, nakhala pakhonde maso ali kunjira. Aliyense wotulukira kutsidya ndi katundu pamutu ankamuimiritsa. Anadutsa ogulitsa makala, anadutsa ana a sukulu, anadutsa mayi wina ndi mtolo wa nzimbe. Chakudya chinazizira, anachitenthetsa, chinaziziranso. Sanayambe wamvapo kusungulumwa ngati kwa tsiku limenelo, pakuti kudikira munthu amene uli naye chiyembekezo kumapweteka kuposa kudikira amene unamutaya.

Dzuwa litapendeka, kafoni kanazizira m'manja mwake. Sikanalire, sikanawale, kanangozizira. Anatsegula, napeza fayilo yachinayi: 13/01/20, ndi timadontho tija.

Poyamba kunamveka madzi okhaokha, mkokomo womwe uja anaumva ali pakati pa mchenga. Kenako Fakisoni, akulankhula mokweza kuti apose madziwo.

"Ndafika pa Namilongo. Wadzaza, sindinamuonepo chonchi. Kumsika kulibe anthu, akuti athawira kusukulu, ndangopeza a Khoromana okha akukweza katundu pamashelefu. Akuti ndigone kusitolo mpaka madzi aphwe. Koma nyumba ndikuiona. Inunso ndikukuonani, mukukokera mbuzi pachulu, mwafunda thumba kumutu. Ndakuitanani mpaka mawu andithera, simukumva."

Anatsokomola. Madzi anapitiriza.

"Ndagona m'njira mokwanira, Esinala. Foniyi ndiikulunga m'pepala la shuga, chikwama ndisenza pamutu. Doko ili ndikulidziwa kuyambira ndili mnyamata. Ikani madzi pamoto."

Panamveka kukhwekhwereza kwa pepala, basi.

Esinala sanamvetsere za mbuzi kapena za thumba. Anangomva kuti wafika. Anatsetsereka kumtsinje osavala nsapato, akuitana bambo a Malita, bambo a Malita, ngati mtsikana. Anafika pagombe napeza mchenga wotentha, timaenje ta amayi, ndi chigubu chosweka chimene wina anataya. Kutsidya kunalibe munthu. Kunali kanjira kaja ka mapazi, ndipo kanali konyowa.

Anaima pamenepo mpaka mpweya unabwerera. Ndiyeno mawu aja anayamba kumulowa limodzilimodzi. Wadzaza. Athawira kusukulu. A Khoromana. Anayang'ana foni, nayang'anitsitsa timadontho titatu tija kwa nthawi yoyamba. Anadina mabatani onse, kumanja, kumanzere, pansi, kuti mwina mzerewo usuntha aone zotsalazo. Kafoni kanakana. Malo ake anali omwewo.

Anawoloka osayang'ana mapazi aja, nakafika kwa a Dolofina akutsekera. Anangowapatsa khadi. A Dolofina anayang'ana mapazi ake opanda nsapato, natsegulanso chitseko, nayatsa kompyuta. Mafayilo anayi aja anaonekera m'ndandanda, dzina kumanzere, tsiku kumanja. Koma ngakhale pamenepo malo a tsiku anali opanikizika, chifukwa a Dolofina ankakonda kukuza mbali ya mayina kuti aziona bwino mayina a nyimbo. Timadontho tija tinali pomwepo, tikudikira.

"Ndifutukule?" anafunsa a Dolofina.

Esinala anagwedeza mutu kuvomera.

A Dolofina anagwira kamausi ka kompyutayo, naika kamuvi pa kamzere kogawa malowo, nakokera kumbali pang'onopang'ono. Timadontho tinachoka. Pamalo pake panatuluka manambala awiri, omwewo pa mizere yonse inayi. Mzere wotsiriza unati 13/01/2015.

Palibe munthu wa kuno amene amafuna kuuzidwa za tsiku limenelo. A Dolofina anachotsa dzanja pa kamausi, naligwira pakamwa. Panja wina ankaitanira makasitomala a chipisi, njinga yamoto inadutsa, koma m'kanyumbamo munali ngati mwalowa maliro.

Esinala anakumbukira zonse. Mvula inali itagwa osakata, madzi atayamba kulowa m'khola. Malita anali m'nyumba akulira. Esinalayo anafunda thumba la feteleza, nakokera mbuzi pachulu imodziimodzi, zikukana, iye akuterereka m'matope. Ndipo nthawi yonseyo ankatukwana Fakisoni mokweza, kuti ali pa mpando wofewa ku Joni pamene iye akufa ndi mbuzi zake. Anamvadi ngati wina akufuula kutsidya, koma tsiku limenelo aliyense ankafuula. Sanatembenuke. Madzi ataphwa, kumunsi kwa mtsinje anthu anakwirira mitembo yambiri yosadziwika pomwe anaipeza, ndipo palibe anaganiza zofunafuna munthu amene aliyense ankadziwa kuti ali ku Joni.

Ndiye kuti sanatchone. Panalibe mkazi wa thalauzi, panalibe kuiwala. Zaka zonse zimene iye ankatukwana choyang'ana kummwera, munthuyo anali pamphuno pake, pa doko limene ankaliwoloka popita kukagula mchere. Chisoni chimene chinamugwira chinali chachikulu, koma mkati mwake munalinso kanthu kena kofunda, kamene anachita nako manyazi: anali asanaiwalidwe.

A Dolofina anati amuperekeze, kapena agone kwawo, kapena aitane a Makhuwira ndi abusa. Esinala anapukusa mutu. Anati pali munthu amene wadikira kokwanira, ndipo nkhani ya m'banja sachitira pagulu. Khadi analisiya pomwepo pa tebulo.

Dzuwa linali litafiira pamene anafika pakhonde la sitolo ya a Khoromana. Munalibe kanthu koma zitosi za mbuzi ndi fungo la dothi lonyowa, fungo limene dera lonselo linali lisanamve chiyambire chaka. Anatsata kanjira ka mapazi mpaka pomwe kankathera. Kumanja kwake mpweya unali wozizira, monga zimakhalira ukaima pafupi ndi munthu wochokera pamvula. Sanayang'aneko. Anayang'ana kutsidya, naona nyumba yake mmene imaonekera kuchokera pamenepo, chulu, khola, khonde, zonse pafupi kwambiri moti munthu ukhoza kuwerenga nkhuku.

"Bambo a Malita," anatero Esinala. "Ndamva tsopano. Madzi aja anaphwa kalekale. Tiyeni, ine nditsogola."

Anatsika pamchenga. Anayenda pang'ono osamva kanthu, ndipo mtima unayamba kumuuza kuti wapenga. Kenako kumbuyo kwake kunamveka phazi likulowa m'madzi. Linatsatira lina. Kunali kuyenda kwa munthu amene madzi amulekeza m'chiuno, wokoka mwendo umodzi, n'kuima, n'kukoka wina, akupuma movutika pansi pa katundu wolemera. Mchenga umene Esinala ankapondapo unali wouma ndi wofunda, koma msana wake wonse unachita tsembwe.

Pakatikati pa mtsinje kuyenda kuja kunaima. Mkokomo unayamba kumtunda, pang'ono, kenako kukula, mpaka unadzaza m'makutu. Esinala anamva kuzizira kukukwera m'miyendo yake, m'maondo, m'chiuno, ndi chinthu chikumukankhira kumunsi. Thupi lonse linkamuuza kuti athawe. Anadziwa kuti apa ndi pamene zinathera tsiku lija, ndiponso kuti akathawa, mapazi aja akabwerera kusitolo. Anaima nji, natambasulira dzanja kumbuyo osacheuka.

"Musayang'ane madzi. Yang'anani ine," anatero Esinala.

Chimene chinagwira dzanja lake Esinala sanauzepo munthu. Amene anamufunsa pambuyo pake ankangowayankha kuti chinali chozizira, ndipo chinkanjenjemera kuposa iye. Anakoka. Anayenda chokoka choncho, phazi ndi phazi, mpaka mchenga unasanduka dothi la gombe, ndipo mkokomo unazilala ngati wailesi yotha mabatire.

Pokwera mtunda dzanja linamumasuka lokha, koma mapazi anapitiriza kumutsata, nsapato zodzaza madzi zikulira fwa, fwa. Mbuzi zinapatuka panjira mwakachetechete. Mayi wina woyandikana naye, amene ankaanula ufa, anati anaona Esinala akufika pakhomo, n'kutsegula chitseko, n'kuima pambali monga amachitira munthu polowetsa wonyamula katundu. Anaima choncho kanthawi, kenako analowa n'kutseka. Posakhalitsa utsi unayamba kutuluka kukhitchini, ndipo mayiyo anatenga ana ake n'kukagona kwa amayi ake.

Kutacha, a Makhuwira anabwera ndi a Dolofina, atamva zonse. Anapeza Esinala atakhala pakhonde, atavula mpango kumutu, maso ali otupa koma nkhope ili phee. M'nyumba munali zii. A Makhuwira anakhala pansi osadikira mpando, nayamba kufunafuna mawu oyambira, koma Esinala anawatsogolera.

"Kaduleni nthochi ija, alamu, muuzenso adzukulu akumbe. Koma akumbe kuno kwathu, osati kutsidya. Munthuyu anavutika nako kuwoloka."